ZA KUMIGODI: Foni Yakale Siifa Yokha

Ciyambire pamene mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1932, msewu wocokera kuno Kumigodi kupita kwathu Kum'mawa sunaleke kunyamula mitolo. Makolo athu amene anadzagwira nchito m'migodi anali kutumiza mabulangete, nsalu ndi mapoto, ndipo amene zinawayendera bwino anatumiza njinga, wailesi kapena makina osokera. Njinga ija ikafika ku Katete kapena ku Chadiza inali kukhala zaka makumi awiri. Sipoko ikathyoka, mwini wake anali kugula ina pa sitolo, njinga nkudzukanso. Lero mtolo wacepa, ulowa m'thumba la malaya. Mwana wokhala ku Chimwemwe ku Kitwe, kapena ku Chifubu ku Ndola, akagula foni yatsopano, yakale ija amaipukuta bwino naipatsira wa basi kuti akapereke kwa amai kumudzi.

Mphatso imeneyi ndi yabwino, ndipo sitiinyoza ai. Koma dandaulo lake likumveka m'midzi yambiri. Foni ifika ili yamoyo: galasi losasweka, batire losunga moto, mau omveka bwino. Papita miyezi ingapo, tsiku lina WhatsApp ilemba mau a Cingelezi onena kuti siigwiranso nchito pa foni imeneyi. Mufuna kuikamo pulogalamu ina, sitolo ya Google ikana. Amai aganiza kuti adzukulu aiononga poseweretsa, ndipo adzukulu alandira mkwapulo popanda mlandu. Ena anong'ona kuti mwana wa ku tauni anatumiza cinthu cakufa kale. Sabata ino, awerengi okondedwa, tifuna kumasula adzukuluwo pa mlandu umenewu, ndi kuona kumene uyenera kukagwera.

Foni yagalasi ili ndi mbali ziwiri. Pali thupi, ndilo galasi, batire ndi tizitsulo ta m'kati. Palinso nzeru zimene ziyendetsa thupilo, ndipo pa mafoni ambiri a m'dziko muno nzeruzo zichedwa Android, zopangidwa ndi kampani ya Google ya ku America. Android ali ndi mibadwo monga anthu. Android 4.4 anabadwa mu 2013, Android 5 mu 2014, Android 7 mu 2016, Android 10 mu 2019, ndipo mu 2025 anafika pa 16. Mibadwo yakale inali kupatsidwa maina a maswiti ndi makeke, KitKat, Lollipop, Oreo, ngati kuti anthu akuluakulu analibe cocita. Mapulogalamu, amene acinyamata amawacha ma app, monga WhatsApp, Facebook ndi a mabanki, ali ngati alendo ogona m'nyumba ya Android. Mlendo aliyense amanena yekha kuti iye agona m'nyumba ya mbadwo wakuti kupita kutsogolo, ndipo m'nyumba zakale salowamo.

Tsono kampani imene inapanga foni ndiyo iyenera kutumiza nzeru zatsopano, cimene amacha apudeti. Imatero zaka zowerengeka, kenaka nkuleka, cifukwa phindu lake lili pa kugulitsa foni ina. Samsung Galaxy S3 ya 2012, imene inali foni ya mabwana m'masiku ake, inaimira pa Android 4, ndipo Galaxy S5 ya 2014 inaimira pa Android 6. Foni ikaima, alendo aja sayima nao, iwo apitirira.

Taonani m'mene WhatsApp yakhala ikutsekera zitseko. Pa 31 Disembala 2017 inasiya mafoni a BlackBerry. Pa 31 Disembala 2018 inasiya tumafoni ta Nokia ta mtundu wa S40, pamodzi ndi Asha. Pa 31 Disembala 2019 inasiya mafoni onse a Windows, ndiwo ma Lumia aja. Mu Febuluwale 2020 inasiya Android 2.3, mu Novembala 2021 inasiya Android 4.0, ndipo pa 24 Okutobala 2023 inasiya mbadwo wonse wa Android 4. Pa tsiku limenelo Galaxy S3 iliyonse imene inali m'cikwama ca agogo inaleka kulandira zithunzi za adzukulu, ngakhale panalibe waya ndi mmodzi yemwe amene anaduka. Google nayo icita cimodzimodzi ndi ana ake omwe. Mu Ogasiti 2023 inaleka kusamalira nchito za sitolo yake pa KitKat, ndipo mu 2025 pulogalamu yake yoonera masamba a pa intaneti, Chrome, inasiya Android 8 ndi 9.

Pali bvuto lina lobisika, limene limazunguza ngakhale okonza mafoni. Nthawi zina foni ili ndi bandulo, netiweki iliponso, koma tsamba la pa intaneti likana kutseguka, likuti kulumikizanako sikodalirika. Cifukwa cake ndi ici. Foni ikagogoda pa makina a banki kapena a sukulu, makinawo amaonetsa cikalata cokhala ndi cidindo, monga kalata ya amfumu imene munthu anyamula popita ku ofesi ya Boma. Foni ili ndi mndandanda wa zidindo zimene idziwa, umene unaikidwamo pa apudeti yake yomaliza. Zidindo zimatha nthawi, ndipo zatsopano zimabwera. Bungwe lochedwa Let's Encrypt, limene limadinda zikalata za masamba mamiliyoni ambiri pa dziko lapansi, lili ndi cidindo cimene Android 7.0 ndi akulu ake onse sacidziwa. Kwa zaka zingapo bungweli linali kutsamira pa cidindo cakale ca bungwe lina kuti mafoni akale asatsalire, koma pa 30 Sepitembala 2024 makonzedwe amenewo anatha. Foni yakale tsopano ili ngati kapitao wokalamba wa pa cipata, amene abweza kalata yeniyeni kaamba kakuti amfumu amene anaidinda analowa ufumu iye atasiya kale kumva za kumudzi. Bungwelo linalangiza eni mafoni akale kuti aike Firefox, imene imayenda ndi mndandanda wakewake wa zidindo. Langizolo linathandiza, koma mu 2025 Firefox nayo inakweza mpanda kufika pa Android 8.

Apa ndipo pamene alowera anyamata ndi atsikana a pa msika wa Chisokone ku Kitwe, a ku Masala ku Ndola, ndi a m'tuntemba ta m'makomboni. Munthu angawayamike kapena kuwaopa, koma sangawanyoze. Ambiri sanaphunzire nchitoyi ku koleji. Anaiphunzira poyang'ana manja a anzao. Zimene makampani a ku America ndi ku China ataya, iwo atola. Monga salaula anabveka mtundu wonse pamene zobvala za m'masitolo zinadula, momwemonso tebulo la wokonza mafoni lasunga mabanja ambiri kuti azimvana.

Luso lao lalikulu ndi ili. Pulogalamu ya Android ndi kamtolo kochedwa APK, ndipo kamtoloko kangalowe m'foni popanda kudzera ku sitolo ya Google. Wokonza amasunga timitolo takale pa kompyuta yake, nasankha kamene kagwirizana ndi mbadwo wa foni yanu, nakalowetsa ndi nthambo, ndi memori khadi, kapena ndi SHAREit ndi Xender, zimene zimatumiza zinthu kucokera pa foni kupita pa inzake popanda kudya bandulo. Kuti atero ayenera kutsegula kacipata ka m'foni kamene kamaletsa mapulogalamu ocokera kosadziwika. Wokonza wanzeru amasankhanso mapulogalamu opepuka. Facebook Lite, imene inatuluka mu 2015, inapangidwira mafoni ofooka ndi netiweki yocedwa, ndipo Opera Mini ya ku Norway imayamba yafinya tsamba pa makina ake isanalitumize kwa inu. Izi ndi nchito zaulemu, ndipo foni yambiri yakale ikuyenda lero cifukwa ca izo.

Pali cina cimene amacha kuflasha, ndiko kufafaniza nzeru zonse za m'foni ndi kuikamo zina. Anthu ambiri amaganiza kuti kuflasha kumabweza foni ku unyamata. Kawirikawiri si tero ai: wokonza amabwezeramo mbadwo womwewo umene unalimo, wosesedwa cabe. Zoonadi alipo anthu odzipereka m'maiko osiyanasiyana amene amasoka Android watsopano kuti akwane mafoni akale; gulu lao lochuka ndi LineageOS, limene linayamba kumapeto kwa 2016. Koma iwo amasokera makamaka mafoni ochuka a kwao. Ma Itel ndi ma Tecno ochipa, amene adzaza m'matumba athu, ambiri sapezeka pa mndandanda wao, ndiponso mapulogalamu ena a mabanki amakana kugona m'foni yosinthidwa motero.

Njira ziwiri zokha ndizo tizikana poyera. Yoyamba ndi kubweza tsiku la pa foni m'mbuyo kuti WhatsApp iganize kuti nthawi yake siinathe. Cinyengo cimeneci sicikhalitsa, ndipo cimasokoneza zidindo zija, pakuti foni yosadziwa tsiku siingadziwe cikalata cimene cikali ndi moyo. Yaciwiri ndi kuika ma WhatsApp osulidwa kumbali, monga GB WhatsApp. Amakoma m'maso, ali ndi mitundu ndi tizinthu tambiri, koma sanapangidwe ndi eni ake a WhatsApp. Eni akewo anacenjeza kale kuti nambala yogwiritsa nchito zimenezi ingatsekedwe, ndipo palibe angakuuzeni cimene wosula uja anabisamo.

Pamenepa tiyenera kucedwapo pang'ono, cifukwa nkhani yafika pa ndalama. Kale foni inali yolankhulira cabe. Lero ndi cikwama. Ndalama za cimanga, za soya, za fodya, za sukulu ndi za maliro zimadzera m'menemo. Apudeti imene kampani imatumiza siibweretsa zokongola zokha. Nchito yake yaikulu ndi kumata ming'alu imene akuba apeza. Mu 2015 akatswiri anapeza mng'alu wochedwa Stagefright, umene unali m'mafoni a Android pafupifupi 950 miliyoni, ndipo wakuba akanatha kulowerapo potumiza uthenga wa kanema cabe. Kucokera caka cimeneco Google inayamba kutulutsa zomatira mwezi ndi mwezi. Foni imene kampani yake inaisiya siilandira zomatirazo. Ili ngati nkhokwe imene ikali ndi cimanga koma mwini analeka kuimata, ndipo makoswe onse a m'mudzi adziwa pali boo. Tsono mukaonjeza pamenepo kamtolo ka APK kocokera kosadziwika, kamene kapempha cilolezo cowerenga mauthenga anu ndi maina onse a m'foni, mwaitana khoswe ndi kum'patsa mpando.

Cotero langizo lathu ndi lakuti pa foni yakale, ndalama ziziyenda pa njira ya manambala, ija ya *115#, imene imagwira nchito ngakhale pa kafoni kamabatani ndipo siifuna intaneti. Pulogalamu ya banki kapena ya ngongole isalowe m'foni kudzera pa tebulo la pa msika kapena pa foni ya mnansi. Posiya foni kwa wokonza, cotsani SIM khadi ndi memori khadi, ndipo nambala yanu yacinsinsi musam'patse, ngakhale akhale mwana wa alongo anu. Nchito yake siifuna nambalayo. Uthenga wacinyengo ukabwera, bungwe la Boma loyang'anira za mafoni, la ZICTA, linakonza *707# yoperekerapo dandaulo.

Koma kucenjeza osauka kokha sikukwanira. Mlandu waukulu uli ndi amene amalemba mapulogalamu, ndipo ena a iwo ndi ana athu omwe. Ku Kitwe kuli Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987 ndipo iphunzitsa za makompyuta. Ku Ndola kuli koleji ya nchito zomwezo, imene tsopano ichedwa Zambia University College of Technology. Caka ndi caka m'masukulu amenewa mutuluka acinyamata odziwa kulemba mapulogalamu a alimi, a zipatala, a masukulu ndi a magulu osunga ndalama. Kwa iwo tili ndi mau.

Wolemba pulogalamu ya Android, asanapite patali, amalemba manambala awiri. Ina imanena mbadwo watsopano umene pulogalamuyo inakonzedwera, ndipo kuyambira mu 2018 Google imakakamiza kuti nambala imeneyi izikwera caka ndi caka. Inayo imanena mbadwo wakale kwambiri umene pulogalamu ibvomera kugonamo. Iyi ndiyo mpanda weniweni, ndipo wouimika ndi wolemba mwini. Makina olembera, Android Studio, amam'sonyeza pomwepo kuti akasankha mbadwo wakuti, pulogalamu yake idzayenda pa mafoni okwanira gawo lakuti mwa 100 alionse. Mnyamata aona nambala yaikulu, mtima nkukhala pansi. Koma ciwerengeroco ndi ca dziko lonse lapansi, ca ku Seoul, London ndi Johannesburg pamodzi. Si ca ku Vubwi ai. Mafoni owerengeka amene atsala kunja kwa mpandawo sanamwazike mofanana pa dziko. Aunjikana m'midzi ngati yathu, kumene foni imafika itatumikira kale eni ake awiri kapena atatu.

Tidziwa kuti nchitoyi siili yopepuka. Wolemba samaumba zonse yekha. Amabwereka zipangizo zopangidwa kale, ndipo nazonso zimakweza mipanda yao. Kulembera Android 4 lero kuli ngati kufunafuna sipeya wa galimoto imene inaleka kupangidwa atsamunda asanacoke, ndipo sitipempha zimenezo. Koma pakati pa Android 4 ndi foni ya caka cino pali mibadwo yambiri imene ingasungidwe ndi khama locepa. Ndipo mbadwo si bvuto lokha. Google yomwe inabvomereza mu 2017, potulutsa Android Go, kuti pali mafoni a mphamvu yocepa, a 1 GB kapena kucepera, amene afuna mapulogalamu opepuka. Pulogalamu yolemera, yodzaza zithunzi zobvina, imene ifuna netiweki nthawi zonse, imafa pa foni yotere ngakhale mbadwo utalola. Wolemba amene amayesa nchito yake pa foni yakeyake yatsopano, ali pa Wi-Fi ya ku sukulu, sanaiyese konse. Apite ku Chisokone, agule foni yochipa koposa pa tebulo, akwere nayo basi ya ku Lufwanyama kapena ku Mpongwe, ayese kulembetsa dzina kumene netiweki ibwera ndi kucoka ngati mvula ya mu Okutobala. Pulogalamu yabwino isunge zimene mlimi walemba, nkuzitumiza yokha netiweki ikabweranso.

Tiyeneranso kunena kuti sitolo ya Google ili ndi zipata zake zobvuta mwana wa m'komboni. Kulembetsa kumafuna madola 25 olipira ndi khadi la banki, ndipo kuyambira mu Novembala 2023 wolemba watsopano ayenera kupeza gulu la anthu oyesa pulogalamu yake kwa masiku 14 isanaloledwe poyera. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene acinyamata ena amangogawira APK pa WhatsApp. Tiwamvetsa, koma potero akuphunzitsa alimi cizolowezi comweco cimene akuba amadyerapo.

Boma lathu lili ndi ndodo imene lingagwiritse nchito pano, ndiyo mgwirizano wa nchito. Nchito zambiri za Boma zikusamukira pa foni. Makonzedwe a e-voucher, operekera feteleza ndi mbeu za FISP, anayamba kuyesedwa m'nyengo ya 2015 ndi 2016 m'maboma 13, ndipo Ndola anali mmodzi wa iwo. Pempho lathu kwa a Smart Zambia, amene ayang'anira nchito za Boma za pa makompyuta, ndi kwa Unduna uliwonse umene ulemba kampani kuti ipange pulogalamu ya anthu, ndi lakuti m'cikalata ca mgwirizano mulembedwe zinthu ziwiri: kuti pulogalamuyo iyesedwe pa foni yofooka ya mbadwo wakale ndalama zisanalipidwe, ndi kuti nchito iliyonse yofunika kwa mlimi ikhalenso ndi khomo la manambala ndi la uthenga wamba. Kampani yogulitsa nsapato ingasankhe makasitomala ake. Ofesi ya Boma siingasankhe nzika potengera caka cimene foni yao inapangidwa.

Maiko ena ayamba kale kugwira makampani pa dzanja. Ku Ulaya, kuyambira pa 20 Juni 2025, foni yatsopano yogulitsidwa m'maiko a European Union iyenera kulandira apudeti kwa zaka zosacepera zisanu kucokera pamene mtundu wake waleka kugulitsidwa, ndipo masipeya ake apezeke kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Google mu 2023 ndi Samsung mu 2024 analonjeza zaka zisanu ndi ziwiri za apudeti, koma anayambira pa mafoni ao odula. Kwa ife a Kumigodi nkhaniyi iwawa mwapadera. M'foni iliyonse muli mkuwa, ndipo m'batire lake muli kobalti, miyala imene imakumbidwa m'nthaka yomweyi ya kuno ndi ya kutsidya kwa Kasumbalesa. Mwala ucoka kuno pa malole, ubwerera uli foni, ndipo pakapita zaka zowerengeka wina wa kutali alamula kuti yakalamba. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anai ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera.

Tsono inu amene muyembekeza mtolo wocokera ku Kitwe kapena ku Ndola, mwana akanena kuti atumiza foni, m'funseni ndi ulemu kuti atsegule Settings, apite pa About phone, akuwerengereni nambala ya Android. Ikakhala 10 kapena kupitirira, foniyo ikali ndi ulendo. Ikakhala 8 kapena 9, ilandireni, koma dziwani kuti alendo ena ayamba kale kutuluka m'nyumbamo. Ikakhala yocepera apo, ndi yoimbira, yojambulira ndi yomverera nyimbo. M'kumbutseninso kuti acotse akaunti yake ya Google asanafafanize zinthu zake. Kuyambira pa Android 5.1 foni yofafanizidwa akaunti ikali m'kati imadzitseka, nkumafuna mau acinsinsi a mwini wakale. Loko ameneyu anaikidwa kaamba ka akuba, koma wagwira amai ambiri osalakwa, ndipo mwana uja kawirikawiri apezeka kuti mauwo anaiwala kalekale. Atumizenso chaja cake ceniceni.

Foni imene alendo onse aithawa musaitaye msanga. Tochi yake iunikira, wailesi yake ilankhula mukalowetsa mahedifoni, kamera ijambula malisiti a ku depoti, ndipo memori khadi isunga nyimbo za kwaya ndi maphunziro a ana popanda bandulo. Koma batire likayamba kutupa mpaka kukankha cibvundikiro, lekani kulichaja tsiku lomwelo. Musaliboole, musaliponye pa moto kapena m'cimbudzi, ndipo musalisiye pamene ana aseweretsa. Liikeni m'citini ca mcenga, kutali ndi denga la udzu, kufikira wina wopita ku tauni akalipereke kwa okonza mafoni.